Maola Makumi Asanu ndi Anayi

Lolemba m'mawa, nsanjika yachinayi, msewu wa Cairo.
Magetsi apita kale, jenereta ikutsokomola pansi.
Ndavala mahedifoni ngati goli
n'kulonjera monga anandiphunzitsira:
"Muli ndi Tiyezye, ndikuthandizeni bwanji?"

Woyamba waiwala mawu achinsinsi
koma akulumbira kuti pulogalamu ndiyo yamuiwala.
Wachiwiri, wa ku Chilenje, maola ake a pafoni
akuzembana ndi a pakompyuta
ngati mkamwini ndi apongozi panjira yopapatiza.
Ndati tsekani, tsegulaninso, onani ngati bandulo ilipo.
Zatheka. Sanatsanzike n'komwe.

Kenako Mayi Daka,
owerengera ndalama pasitolo ya matayala ku Kamwala,
mawu osasa ngati aimba usiku wonse.
"Mwananga, wotchi yanga sinaime.
Ikuti ndagwira ntchito maola makumi asanu ndi anayi.
Abwana aziyesa ndikuba."

Kavuto aka timakalandira kasanu patsiku.
Ndati pitani pamzere wa Lachinayi,
dinani kapensulo kali kumanjako,
lembani nthawi imene munaweruka.

Chete.
Pansi pa zenera kondakitala akukuwa: Matero! Matero!

"Sindinaweruke," atero.
"Anandiimbira a kuchipatala chachikulu.
Ndinasiya tiyi, ndinasiya juzi pampando.
Bambo a kwathu tawaika dzana ku Chingwere."

Pakona ya sikirini yanga nanenso ndili ndi wotchi.
Munthu mmodzi, mphindi zisanu ndi imodzi.
Zikamatha imachita chikasu, zikapyola imafiira,
ndipo a Njobvu, otiyang'anira, amadzutsa mutu.
Yachita chikasu.

Ndatsegula kaundula wamkati
momwe makina amasunga mapazi a zala zathu.
Batani lomaliza analidina 14:07,
nambala ya lisiti italembedwa theka.
"Mayi, lembani fotini, ziro, seveni."
Ndikumva akufufuza manambala mmodzimmodzi
ngati akutola singano pamphasa.

"Ndikadina kusunga,
otsalawa apita kuti?"

Buku lathu la mayankho ndi lamasamba makumi anayi.
Likudziwa za netiweki yofooka, za foni yakale,
za wotchi yotsalira ndi maola awiri.
Pulogalamu nayo ili ndi timabokosi take:
Msonkhano, Kasitomala, Nkhomaliro, Zina.
Mulibe ka benchi la panja pa wodi,
mulibe ka mzere wa kumochale,
kapena ka kukangana mtengo wa bokosi uli ndi misozi m'maso.

"Angofufutika, Mayi."

"Ndiye dikirani kaye.
Achibale ankasinthana, ena kukagona, ena kukasamba.
Iyi yokha sinaphethire.
Yakhala nane maso kuyambira Lachinayi
osadziwa n'komwe chimene ikuwerenga."

Yanga yafiira.
A Njobvu adzutsa mutu, akuloza padzanja pawo.
Ndawaonetsa chikhatho, n'kuyang'ana kumbali.
Takhala choncho, ine kuno, iwo ku Kamwala,
pakati pathu njanji, msika, ndi mpweya wa pafoni.
Kumbuyo kwawo wina akugubuduza tayala,
wina akufunsa mtengo.
Mphindi ziwiri zapita zopanda kabokosi.

Kenako kaphokoso kakang'ono, ka chala chimodzi.
"Yaima," atero. "Yatsala maola asanu ndi limodzi.
Zikomo, mwananga. Tiyi uja wachita nkhungu."

Kuti nditseke nkhani, makina akufuna chifukwa.
Pamwamba pa mndandanda, chimene timasankha tonse osawerenga:
wogwiritsa ntchito anaiwala kuimitsa.
Chala changa chazengereza pamenepo,
chatsika mpaka pansi,
chadina Zina.

Magetsi abwera. Wina waomba m'manja.
Foni ikuliranso,
ndipo wotchi yanga yabwerera pa ziro
ngati sinamve kanthu.